Galimoto ikamadya batire ili chiimire, alipire ndani?

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo pa nkhani imene ikuwonongetsa ndalama eni magalimoto ambiri mumzinda uno wa Lusaka, koma imene anthu saiona ngati nkhani ya malamulo. Ndikunena za galimoto imene imamaliza moto wa batire ili chiimire, injini itazima, makiyi ali m'thumba la mwini wake. Ntchito yanga ndi yokonza zamagetsi a galimoto, ndipo chandilembetsa kalatayi n'chakuti anthu amene amandipeza amakhala atagula kale batire lachiwiri kapena lachitatu, atakangana kale ndi wogulitsa mabatire, koma alibe pepala lililonse losonyeza kuti vuto lenileni linayezedwapo. Malamulo oti awathandize alipo m'dziko muno. Chimene chimasowa ndi umboni, ndipo mutu wa umboniwo ndi nambala imodzi imene mmisiri aliyense wokhala ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, angathe kuiwerenga n'kuilemba papepala.

Ndiyambe ndi kufotokoza mmene vutoli limachitikira, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepo. Magalimoto a masiku ano sazima kotheratu ngakhale mutachotsa kiyi. Wotchi imafuna moto pang'ono, wailesi imafuna moto woti isaiwale masiteshoni, ndipo kachipangizo komvera rimoti ya zitseko kamakhala tcheru usiku wonse. Kuwonjezera apo, m'galimoto imodzi mumakhala timakompyuta tambirimbiri, kena koyang'anira injini, kena mabuleki, kena zitseko ndi nyali, ndipo tonseti timalankhulana kudzera pa mawaya awiri opotana, njira yotchedwa CAN imene kampani ya Bosch ya ku Germany inaitulutsa mu 1986. Mukakhoma galimoto n'kuchokapo, timakompyutato timayenera kugona kamodzikamodzi, ndipo pa magalimoto ena zimenezi zimatenga mphindi 30 kapena kuposerapo. Tonse tikagona, moto wotuluka m'batire umayenera kutsika mpaka pansi pa 50 milliamps (milliamp ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a amp, muyezo wa moto woyenda pa waya). Koma kamodzi kakakana kugona, kamapitiriza kutumiza uthenga pa mawaya aja, tinzake n'kukhalanso maso mpaka kuche.

Masamu ake ndi osavuta. Batire la galimoto yaing'ono, monga zimene zimadzaza mu Great East Road m'mawa uliwonse, kawirikawiri limakhala la 45 amp-hours kapena kucheperapo (amp-hour ndi muyezo wa moto umene batire limasunga). Galimoto yabwinobwino yokoka 30 milliamps imadya moto wosakwana 1 amp-hour pa tsiku, choncho ingaime masabata awiri kapena atatu n'kudzalira popanda vuto. Yokoka 400 milliamps imadya pafupifupi 10 amp-hours pa tsiku, ndiye kuti mukaiimika Lachisanu madzulo, pofika Lolemba m'mawa moto woposa theka wapita, ndipo mukapotoza kiyi sitata imangogogoda osazunguza injini. Choipa kwambiri n'chakuti batire la mtovu ndi asidi silinapangidwe kuti lizitha moto mpaka pansi. Likaphwa kangapo, mapuleti a mkati amakutidwa ndi sulphate wouma amene sasungunukanso ngakhale mutalitchaja usiku wonse. Apa batire limakhala litafadi, ndipo aliyense woliyeza amapeza kuti lafa, pamene chimene chalipha chatsala phee m'galimoto, kudikira lina. Kugula batire latsopano zinthu zili choncho n'chimodzimodzi kugula thanki ya madzi yatsopano pamene chobooka ndi paipi yokwiriridwa pansi.

Zimene zimachitika pa kauntala ya wogulitsa mabatire ndi zomvetsa chisoni kwa onse awiri. Kasitomala amafika atanyamula batire m'thumba la saka, kakhadi ka waranti kali m'manja, miyezi isanathe n'komwe. Wogulitsa amaliyang'ana pamitu, amaliyeza, kenaka n'kunena kuti, "Abwana, batire ili munaliika pa inverter kunyumba." Chiyambireni kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, mawu amenewa asanduka yankho la tsiku ndi tsiku. Wogulitsayo sikuti amangopeka, pakuti anthu ambiri anachitadi zimenezo pofuna kuti ana awerenge usiku, ndipo batire lophedwa ndi inverter ndi batire lophedwa ndi galimoto amaoneka chimodzimodzi mkati. Kasitomala wosalakwa alibe choti aonetse, kotero amabwerera atapsa mtima, n'kukagula lina kusitolo ina. Ngati ndi dalaivala wa takisi, tsiku limenelo watayanso ndalama ya tsiku imene mwini galimoto amaifunabe madzulo, kaya galimoto yayenda kaya sinayende.

Kumaiko ena nkhani yomweyi inafika kukhoti. Mu 2020 eni magalimoto a Subaru ku America anakasuma, ndipo milandu yawo inaphatikizidwa kukhala umodzi kukhoti la boma la ku New Jersey, dera limene kuli likulu la kampaniyo m'dzikomo. Mlanduwo unkakhudza magalimoto a Outback, Forester, Legacy ndi WRX a zaka za 2015 mpaka 2020, komanso Ascent ya 2019 ndi 2020. Odandaula ankanena kuti timakompyuta ta pa CAN sitigona bwino galimoto ikazimitsidwa, ndiponso kuti akapita kwa ogulitsa ankangowaikira batire lina lofanana ndi loyamba, limene nalo linkafa. Kampaniyo sinavomere kuti inalakwa, koma inagwirizana nawo kuti italikitse waranti ya batire kufika zaka 5 kapena mamailosi 60,000, ndi kubweza ndalama kwa amene anali atalipira okha pogula batire, poyezetsa kapena pokoketsa galimoto. Mlandu wina wofanana nawo unayamba mu 2016 ku California, wokhudza magalimoto a Acura opangidwa ndi Honda, pomwe odandaula ankati kachipangizo ka Bluetooth kotchedwa HandsFreeLink kamakakamira koyaka ngakhale kiyi atachotsedwa. Umenewo unatenga zaka zambiri usanathe.

Sindikunena kuti Forester iliyonse yoyenda mu Kafue Road ili ndi vuto limenelo, pakuti athu ambiri anapangidwira msika wa ku Japan, ndipo mgwirizano wa ku New Jersey unali wa anthu ogula magalimoto awo ku America kokha. Chimene ndikufuna awerengi aone ndi chifukwa chimene milanduyo inathekera. Munthu mmodzi amene wataya mtengo wa mabatire awiri sangalembe loya, chifukwa loyayo angamudyere ndalama zoposa zimene wataya. Koma malamulo a kumeneko amalola anthu ochepa kusumira m'malo mwa onse amene akhudzidwa, ndipo maloya amayamba ntchito popanda kulipidwa, n'kudzalandira mlandu ukatha. Mlandu ukalowa, kampani imakakamizika kutulutsa makalata ake a mkati ndi malangizo amene inkatumiza kwa amakaniko ake. Madandaulo zikwizikwi akaikidwa pamodzi, palibenso amene anganene kuti mwini galimoto ndiye anasiya nyali yoyaka.

Ngakhale kwa anzathu a ku South Africa wogula ali ndi pogwira polimba. Lamulo lawo loteteza ogula la 2008 limapatsa munthu miyezi 6 yobwezera katundu wopezeka ndi vuto, ndipo wogulayo ndiye amasankha ngati akufuna kumukonzera, kumusinthira kapena kumubwezera ndalama. Ntchito yokonza nayo imakhala ndi waranti ya miyezi itatu, ndipo ali ndi ofesi yapadera yomva madandaulo a zamagalimoto okhaokha.

Kuno kwathu sitili manjamanja ayi. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010, limene limayendetsedwa ndi bungwe la boma loteteza ogula la CCPC, m'gawo 49 limaletsa kugulitsa katundu wowonongeka kapena wosagwira ntchito imene katunduyo amayenera kugwira, ndipo limapereka njira yoti wogula abwezeredwe ndalama kapena asinthiridwe. Gawo lomwelo limafunanso kuti wogwira ntchito yolipidwa aigwire mosamala ndi mwaluso, ndiye kuti ife amisiri limatikhudza. Gawo 47 limaletsa kunama za katundu, ndipo gawo 48 limaletsa zikwangwani zija zimene timaziona m'masitolo zoti katundu akagulidwa sabwezedwa. Galimoto imene singalire itagona usiku uwiri sikugwira ntchito ya galimoto, ngakhale penti yake iwale bwanji, ndipo mawu oti "mwagula mmene iliri" olembedwa pa lisiti sangafafanize ufulu umene lamulo lapereka.

Palinso lamulo lakale la ku England la Sale of Goods Act la 1893, limene makhoti athu akuligwiritsabe ntchito, ndipo muli mfundo ziwiri zimene mwini galimoto ayenera kuzidziwa. Yoyamba ili m'gawo 14, imene imati munthu wochita malonda a katundu wa mtundu wina ayenera kugulitsa katundu woyenera kugulitsidwa, koma ngati wogula anamuyendera katunduyo, sangadandaule za vuto limene akanaliona poyenderapo. Ogulitsa magalimoto amakonda kubisala pamenepa, amvekere, "Munaiyesa nokha, munazungulira nayo mpaka ku Kabwata, inalira bwinobwino." Koma vuto lodya batire ndi lobisika mwa chibadwa chake. Limachitika galimoto itazima, usiku, patapita maola ambiri, ndipo palibe kuyesa kwa mumsewu kumene kungalionetse. Kumayadi ogulitsira magalimoto anyamata amayendayenda ndi batire lojampitsira m'mawa uliwonse makasitomala asanafike, ndipo wogula sadziwa kuti ndi galimoto iti imene inadzuka yokha ndi iti imene inachita kudzutsidwa. Ndikukhulupirira kuti woweruza aliyense atafotokozeredwa bwino angaone kuti vuto lotere wogula sakanatha kuliona. Mfundo yachiwiri ndi yowawa kwa wogula: ukakhala ndi katundu nthawi yaitali osamuuza wogulitsa kuti wamukana, lamulo limakutenga ngati wamulandira, ndipo umangotsala ndi ufulu wopempha chipukuta misozi, osati wobweza galimoto. Miyezi imene munthu amataya akusinthasintha mabatire ndi miyezi yomweyo imene ufulu wake wobweza ukutha.

Chilungamo chifuna kuti ndinenenso kuti si nthawi zonse pamene wopanga kapena wogulitsa galimoto amakhala wolakwa. Pa magalimoto amene ndimatsegula, ambiri vuto lake linaikidwa ndi manja a munthu konkuno ku Lusaka. Wailesi zambiri za ku Japan zimagwira masiteshoni a pakati pa 76 ndi 90 MHz okha, choncho galimoto ikangofika mwini wake amathamangira kukaiikitsa expander, kachipangizo koithandiza kugwira masiteshoni a kuno, kapena kuchotseratu wailesiyo n'kuikamo sikirini ya Android. Kenaka pamabwera alamu, kenaka tracker imene wobwereketsa ndalama kapena wa inshuwalansi wafuna, mwinanso amplifier kubuti. Mukatsegula pansi pa chiwongolero mumapeza waya wamoto wosendedwa ndi lumo, wina atamupotera pamwamba n'kukulunga ndi tepi imene yayamba kale kumatuka chifukwa cha kutentha, popanda fyuzi, ndipo chipangizo chimene chinayenera kulandira moto kiyi akatsegulidwa chalumikizidwa ku waya wokhala ndi moto usana ndi usiku. Nthawi zina mumapeza ma tracker awiri, ina ya mwini wakale imene palibe akuilipira koma ikufunafunabe netiweki. Apa mlandu ndi wa amene anaika, ndipo gawo 49 lija likumuyang'ana iyeyo. Palinso alternator, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, imene diode yake (kachitsulo koletsa moto kubwerera) yapsa, imene imatchaja masana n'kumabweza moto usiku, ndiponso kanyali ka m'buti kosazima chifukwa switchi yapindika. Mwini galimoto nayenso ali ndi mbali yake ngati amangoyenda mitunda ifupiifupi, nyali ndi fani zili choyaka, kapena wasiya mitu ya batire itachita dzimbiri loyera.

N'chifukwa chake ndikulimbikira za kuyeza. Popanda kuyeza, mlandu ungagwere wosalakwa, ndipo khoti silingagamule pa mawu oti "batire limangotha". Kuyezako kumayamba ndi batire lenilenilo, limene litadzaza n'kupuma limayenera kuonetsa pafupifupi 12.6 volts, kenaka alternator, imene injini ikulira imayenera kupereka pakati pa 13.8 ndi 14.4 volts. Zimenezi zikakhala bwino, mmisiri amatsegula boneti ndi zitseko, n'kukankha maloko a zitsekozo ndi sikuludiraiva kuti galimoto iziona ngati yatsekedwa, chifukwa kutsegula chitseko pakati pa ntchito kumadzutsa timakompyuta tonse ndipo kuyeza kumayambiranso. Amalumikiza multimeter pakati pa mutu wa negative ndi waya wake, n'kukhala pansi kudikira. Poyamba nambala imakhala yokwera, kenaka imatsika pang'onopang'ono pamene timakompyuta tikugona. Ikaima pamwamba osatsikanso, mmisiri amayamba kufufuza fyuzi imodziimodzi mpaka atapeza njira imene moto ukuthawira. Ntchito imeneyi imafuna kuleza mtima koposa mphamvu, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaidumpha, poti kunena kuti "gulani batire" kumatenga mphindi imodzi.

Zotsatira zake zilembedwe. Papepalapo pakhale tsiku, nambala ya galimoto ndi ya chasisi, makilomita amene yayenda, moto umene ukutuluka patapita nthawi yakutiyakuti galimoto itakhomedwa, fyuzi imene yapezeka ndi vuto, nambala imene yaoneka chipangizocho chitachotsedwa, ndi dzina ndi siginecha ya woyeza. Mwini galimoto ajambule ndi foni sikirini ya multimeter nambala ya galimoto ikuonekera, ndipo asalole kuti mawaya olumikizidwa molakwika akonzedwe asanajambulidwe. Ndaona anthu akutaya umboni wawo wonse chifukwa cha chimwemwe choti vuto lapezeka, mmisiri n'kudula waya, kuutaya m'ngalande, nkhani n'kuthera pomwepo. Chipangizo chochotsedwacho chisungidwe pamodzi ndi malisiti a mabatire onse, a kutchajitsa ndi a kukoketsa galimoto. Munthu wokhala ndi mapepala amenewa akabwerera kwa wogulitsa mabatire sakanganso, pakuti onse awiri amaona kuti batire linali losalakwa, ndipo akapita kwa wogulitsa galimoto kapena kwa woika tracker amapita ndi chinthu chimene winayo ayenera kuchiyankha.

Njira yodandaulira iyambe ndi kalata yopita kwa amene akuganiziridwa kuti ndi wolakwa, yonena chimene chapezeka, chimene wodandaula akufuna ndi tsiku loti ayankhidwe, ndipo kope lake lisungidwe. Mauthenga a pa WhatsApp nawo ndi umboni, asafufutidwe. Akakana kapena akangokhala chete, dandaulo lipite ku CCPC, imene ili ndi mphamvu yofufuza, ndipo lamulo limalola kuti kampani yolakwa ilipitsidwe chindapusa chofika magawo 10 pa 100 alionse a ndalama zimene yapeza pa chaka. Palinso Small Claims Court, khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama, kumene munthu amadziyankhulira yekha popanda loya. Ndalama za mabatire angapo ndi za kukonzetsa ndi za msinkhu umene khotilo linakhazikitsidwira. Pa milandu ya mgwirizano wa malonda lamulo limapereka zaka 6 zoti munthu asume, koma wodikira zaka adzapeza malisiti atafufutika ndipo wogulitsa atasamuka.

Amene ali pamavuto aakulu ndi oitanitsa okha galimoto pa intaneti. Munthu amatumiza ndalama ku Japan, amadikira sitima ifike ku Dar es Salaam, amalipira msonkho pa Nakonde, ndipo galimoto ikayamba kudya batire amapeza kuti amene anachita naye malonda ali kutsidya kwa nyanja, kumene kalata ya CCPC ilibe mano. Wopanga galimoto naye sanamugulitse kanthu, ndipo waranti inatha kalekale. Chimodzimodzinso wogula kwa munthu wamba amene sachita malonda a magalimoto, chitetezo chake n'chochepa, pokhapokha ngati wogulitsayo anamunamiza. Kwa anthu amenewa chitetezo chiyenera kubwera galimoto isanakwere sitima. Bungwe la boma loona za miyezo ya katundu la ZCSA limafuna kale kuti magalimoto ogwiritsidwapo ntchito ayezedwe asanatumizidwe kuno, ndipo wogula ndiye amalipira kuyezako. Sindikuona chifukwa chomveka choti pa satifiketi imeneyo pasakhale mzere wonena za moto umene galimoto ikukoka itazima. Chipangizo choyezera n'chotsika mtengo, ndipo magalimotowo amakhala ataima kale m'mayadi akudikira sitima. Ndikulangizanso ogula kuti alowetse nambala ya chasisi pa masamba a intaneti a makampani opanga magalimoto a ku Japan, pomwe amalengeza magalimoto amene anaitanidwa kuti akakonzedwe, chifukwa ena amafika kuno asanakonzedwe, ndipo kalata yoitana inapita kwa mwini wakale amene anaigulitsa kale ku okishoni.

Koma ngakhale aliyense atasunga malisiti ake, pali chinthu chimodzi chimene munthu payekha sangachione, ndicho kuchuluka kwa anzake amene ali ndi vuto lomwelo. Wa ku Chelstone amaganiza kuti ndi tsoka lake, wa ku Matero amati anamugulitsa batire lachinyengo, wa ku Chilenje amakayikira mlonda kuti amayatsa wailesi usiku, pamene mwina onse atatu ali ndi galimoto ya mtundu umodzi, ya chaka chimodzi, yokhala ndi kakompyuta kamodzimodzi kokana kugona. Makhoti athu amalola kuti anthu okhala ndi dandaulo limodzi aimiriridwe ndi anzawo, koma njirayo ndi yopapatiza, ndipo vuto lalikulu ndi ndalama zoyendetsera mlandu. Tisaiwale kuti anthu 1,826 a m'midzi ya kufupi ndi Chingola anachita kukasumira kampani ya Vedanta ku London pa nkhani ya kuwonongeka kwa madzi, ndipo khoti lalikulu la ku United Kingdom mu Epulo 2019 linavomera kuti mlanduwo uzengedwe kumeneko. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti kuno sikuloledwa kuti loya agwire ntchito pa mgwirizano wodzalipidwa mlandu ukapambana, kotero anthu osauka sakanatha kuuyendetsa. Ngati mlandu waukulu chotero unasowa njira kunyumba, wa batire ungaipeze bwanji? Nkhani imeneyi ndi yoti bungwe la maloya la LAZ ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo aiganizire mofatsa, chifukwa kuipa kwa zinthu zing'onozing'ono zogulitsidwa kwa anthu ambiri sikungathe ngati aliyense ayenera kusuma payekha.

Kusintha lamulo kumatenga nthawi, koma CCPC ingathe kuyamba lero ntchito yosonkhanitsa. Dandaulo lililonse lokhudza batire la galimoto lizilembedwa pamodzi ndi mtundu wa galimoto, chaka chake, kumene inagulidwa, zipangizo zimene zinawonjezedwa ndi amene anaziika. Patapita chaka chimodzi zidzaoneka poyera ngati vuto likuchokera ku mtundu wina wa galimoto, ku yadi ina yogulitsira, ku kampani ina yoika ma tracker, kapenadi ku mabatire osalimba amene alowa pamsika, pakuti amenewonso alipo ndipo kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumawaulula msanga. Ogulitsa mabatire akuluakulu nawo angapindule atamayeza galimoto ya kasitomala pa tsiku logula n'kulemba nambalayo pa khadi la waranti. Zikatero wogulitsa sanganamiziridwe, ndipo kasitomala sanganenedwe za inverter imene alibe.

Kwa amisiri anzanga a m'magalaja a mu Lumumba Road, a ku Chawama, a ku Kalingalinga ndi a pansi pa mitengo m'makomboni onse, ndikupempha kuti tisiye kuopa kulemba. Ambiri timazengereza kusaina pepala poopa kuitanidwa kukachitira umboni, ena poopa kuyalutsa mnzathu amene analumikiza waya molakwika, ndipo ena chifukwa amalandira kangachepe kwa wogulitsa mabatire akamutumizira kasitomala. Chomalizachi ndi kuba, ndipo tikuchidziwa tonse. Mayi amene amadzuka usiku kuti akapikule tomato kumsika wa Soweto, n'kupeza galimoto yakana kulira, ndiye kuti tsiku limenelo malonda amupita, ndipo amene wamupweteka kwambiri ndi mmisiri amene anamuuza kuti agule batire asanayeze kalikonse. Kasitomala akalipira kuti timupezere vuto, pepala lonena zimene tapeza ndi mbali ya zimene walipira.

Pomaliza, Akonzi, ndikupempha kudzera m'nyuzipepala yanu kuti a CCPC atiuze madandaulo angati okhudza zamagetsi a galimoto ndi mabatire amene alandira m'zaka zitatu zapitazi, ndi angati mwa amenewo anatha ndi kubwezeredwa ndalama. A ZCSA nawo atiuze ngati angathe kuwonjezera kuyeza moto wotuluka galimoto itazima pa mndandanda wa zimene zimayezedwa magalimoto asanatumizidwe kuno, ndipo ngati sangathe, atifotokozere chimene chikuwaletsa.

Ine wanu,
Mmisiri wa zamagetsi a galimoto,
Matero, Lusaka